Tsiku lomwe adandichotsa pagulu la odumpha m'ndege

Ndiloleni ndifotokozeko za masewero omwe kwathu ku Ntcheu amangoti ndi misala. Ine ndimadumpha m'ndege. Nditawauza mayi anga koyamba pafoni, adakhala chete nthawi yaitali, kenako n'kufunsa: "Kodi ndegeyo imakhala itawonongeka?" Ndidati ayi amayi, imakhala ili bwinobwino. Iwo adati: "Ndiye wawonongeka ndiwe."

Ndidabwera kuno ku South Africa kudzasaka ganyu monga anzanga ambiri. Ganyu amene ndidapeza adali wopinda mapalachuti pabwalo lina la odumpha, kunja kwa Johannesburg. Loweruka ndi Lamulungu ndinkakhala chogwada, kupinda nsalu zomwe eni ake ankakazitambasula kumwamba. Patatha zaka ziwiri ndidalipira maphunziro ndi ndalama zomwezo, ndipo pano ndadumpha kopitirira ka 700.

Kudumpha wekha sikuvuta kwenikweni. Nkhani ili pa kudumpha m'gulu. Mumatuluka m'ndege muli pamtunda wa mamita pafupifupi 4,000, mukugwa chafufumimba pa liwiro la makilomita ngati 190 pa ola. M'masekondi osakwana 60 muyenera kupezana, kugwirana mikono ndi miyendo, n'kupanga chithunzi chomwe mudapangana muli pansi. Kenako mubalalike, aliyense akatsegulire palachuti yake kutali ndi mnzake.

Gulu lomwe tonse timalitchula ndi la pa 8 February 2006 ku Udon Thani m'dziko la Thailand. Anthu 400 ochokera m'maiko oposa 30 adatuluka m'ndege zisanu za C-130 Hercules, n'kugwirana onse kwa masekondi anayi ndi kachidutswa. Lamulo la oweruza pa zoterezi n'losanyengerera: aliyense akhale pamalo pomwe adalembedwa, atagwira pomwe adauzidwa. Mmodzi akaphonya, ena 399 aja avutikira pachabe, mafuta a ndege apsera pachabe. Ndiye mutha kuona chifukwa chake osankha anthu alibe nsoni.

Palibe mayeso olemba. Amakufunsa kuti wadumpha kangati, gulu lalikulu lomwe udakhalamo n'kutheka lidali la anthu angati, komanso kuti umalemera bwanji. Koma funso lenileni limakhala kumapeto: tchula otsogolera magulu omwe adadumphapo nawe. Anthuwa amadziwana ndipo amaimbirana mafoni. Poyamba ndinkati n'kukondera komweku komwe timadandaula nako pofuna ntchito, ndipo mpaka lero ndimati kukonderako kulipo pang'ono. Wandalama amakwera ndege kupita ku Perris ku California kapena ku Empuriabrava ku Spain, komwe magulu akuluakulu amaphunzitsidwa, n'kukaonedwa ndi oyenera kumuona. Wopinda mapalachuti amuona ndani? Komabe ndidadzazindikira kuti pafonipo safunsana ngati munthu ndi katswiri. Amafunsana ngati amachita zomwezomwezo nthawi zonse, komanso kuti akalakwa amatani.

Mwayi wanga udabwera pamene mayi wina wachikulire, wotsogolera magulu yemwe ndinkamupindira palachuti, adanditchula kwa anzake. Adanditenga pagulu la anthu 30, ndege ziwiri, masiku anayi. Ndalama yolipira idali yomwe ndinkasungira malata a nyumba ya mayi. Ndidadziuza kuti malata adikira, mvula ikadali kutali.

Adandiika pakati pa omaliza kutuluka m'ndege yachiwiri. Malo amenewa ngokoma koma ngachinyengo. Ukamatuluka, anzako amakhala ali pansi kutali, akuoneka ngati nyerere. Umazondoka mutu pansi kuwathamangira, ndipo luso lonse lili pa kudziwa nthawi yoima. Ine ndine wojintcha, thupi langa limagwa msanga. Anzathu ochepa thupi amachita kumanga lamba wa mtovu kuti afanane ndi gulu, pomwe ine ndimavala chovala chotaya kuti mphepo indigwire.

Tsiku loyamba zidayenda. Lachiwiri m'mawa ndidachedwa kuima, ndipo ndidangoona gulu likundidutsa m'mbali, kukwera. Nditatembenuza khosi ndidaona anthu 29 atagwirana bwinobwino pamwamba panga, ndi mpata umodzi woonetsa thambo. Mpatawo udali wanga. Palibe adandikalipira. Adangoti zimachitika, uyambe kuima msanga.

Chomwe chidandipweteka ndi ulendo wotsatira. Chifukwa choopa kutsalanso pansi, nditafika pafupi sindidadekhe. Lamulo limati uime kaye pamalo pako, ufanane liwiro ndi gulu, kenako ugwire mopepuka ngati ukunyamula dzira. Ine ndidatambasula mkono ndikadali patali, n'kukoka mwendo wa mnzanga. Kukokako kudayenda ngati funde. Mbali yathu yonse idapindika, anthu asanu n'kugwerana. Mwamwayi palibe adavulala, koma pa liwiro limenelo bondo la mnzako likakupeza kumaso ukhoza kukomoka uli m'malere.

Mukatera pansi, nonse mumalowa m'chipinda kukaonera kanema yemwe wojambula amatenga ali pamwamba pa gulu. Adaubwereza kanayi. Mtsogoleri adafunsa modekha chomwe chidachitika kumbali ya kumanzere. Apa m'pamene ndidadzikola ndekha. M'malo mongoti ndine, ndidakoka, ndidayamba kufotokoza kuti yemwe adali patsogolo panga adachedwa pakhomo la ndege. Zidali zoona, adachedwadi. Koma mkono womwe unkaoneka pakanemapo udali wanga. M'chipindamo mudangoti zii.

Madzulo mayi uja adanditengera pambali n'kundiuza kuti mawa ndipume, malo anga alowa wina. Adati kugwa pansi pa gulu akadatha kukukonza pondisintha malo, koma alibe nthawi yolimbana ndi munthu yemwe akutsutsana ndi kanema pomwe anthu 29 akudikira.

Usiku umenewo sindidagone. Ndinkawerengera malata. Ndidaganiza zonyamuka m'bandakucha osatsanzika, ndipo mumtima ndinkati andichotsa chifukwa ndine wopinda nsalu chabe. Chidandiletsa si nzeru ayi, koma kusowa galimoto yondipititsa kutauni.

Pamisonkhano yotere pamakhala kagulu kapadera ka odikira mpata. Ndidalowa m'menemo, anthu asanu ndi atatu, n'kumadumpha nawo popanda wotiombera m'manja. Tsiku lomaliza ndidaima paudzu, dzanja pachipumi, kuona gulu la 30 litatheka popanda ine. Atatera akukumbatirana, mnyamata yemwe adalowa m'malo mwanga adabweretsa palachuti yake kuti ndimupindire, osadziwa kuti ndine yani. Ndidaipinda, ndipo ndidaipinda bwino.

Chaka chonse chotsatira ndidadumpha m'magulu ang'onoang'ono, a anthu anayi, asanu ndi atatu, nthawi zina khumi ndi awiri. Ndidaphunzira kuima pafupi ndi munthu osamugwira, mpaka kuzolowera kuti manja ndiwo omaliza kugwira ntchito. Ndidaphunziranso kukweza dzanja kanema asadafike pomwe ndalakwa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sadanene kuti kudekhako kumalipiridwa ulendo uliwonse wa ndege. Malata ndidagula mvula itagwa kale kawiri, ndipo mlongo wanga sadandibisire mawu.

Mwezi wathawu uthenga udabwera pafoni. Anditenganso, ulendo uno pagulu lokulirapo. Sadandibwezere kumalo okoma aja a omaliza kutuluka. Andiika pakati penipeni, pagulu la ochepa omwe amagwirana koyamba kuti ena onse adzamangirire pa iwo. Ntchito yake njosaoneka pachithunzi, chifukwa umakwiririka ndi miyendo ya anzako. Umangofunika kugwa mowongoka, pa liwiro limodzi, osagwedezeka ngakhale wina akukoke. Thupi lomwe lidandigwetsa pansi pa gulu lija ndi lomwe akulifuna pamenepo.

Mayi ndawauza. Adafunsa ngati pakati pamenepo pali pafupi ndi khomo la ndege, kuti ndikasintha maganizo ndithe kubwerera mkati. Ndidawayankha kuti pali pafupi zedi, amayi, kungoti ife ndife oyamba kutuluka.