Chimene Ndinakaphunzira ku Beira

Alimi anzanga a ku Ntcheu ndi ku Dedza, inu mudziwa kuti pa Lizulu msewu waukulu wopita ku Lilongwe ndiwo malire. Mbali ino ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, koma anthu ake ndi amodzi. Tikwatirana, tilirana maliro, ndipo tonse tilankhula Chichewa. Chotisiyanitsa ndi zolembedwa pa pepala. Dziko lija linalamulidwa ndi Apwitikizi kufikira chaka cha 1975, ndipo mpaka lero chilankhulo cha Boma ndi cha m'sukulu kumeneko ndi Chipwitikizi.

Tsono alimi ambiri a tomato, kabichi ndi mbatatesi agula mankhwala opopera mbewu ochokera kumeneko, ndipo malangizo a pa botolo alembedwa m'Chipwitikizi. Mlimi akabwera nalo botololo, mlangizi wowerenga Chingerezi chokha asowa chomuuza. N'chifukwa chake ndinapempha akulu a ntchito yathu kuti ndikaphunzire chilankhulochi, ndipo anandilola kupita ku Beira miyezi itatu.

Ndinayenda pa basi kudzera ku Mwanza, ku Tete kumene tinaoloka Zambezi, ndi ku Chimoio. Beira ndi mzinda wotentha wa m'mbali mwa nyanja yamchere, pamene mtsinje wa Pungwe uthira madzi ake. Pa doko lake sitima zitsitsa katundu wa maiko opanda nyanja yamchere monga lathu, ndipo wina wa feteleza amene tithira m'minda yathu adzera pomwepo. Anthu ake akumbukirabe namondwe Idai wa mwezi wa Malichi 2019, yemwe uja mvula yake inavutanso abale athu a ku Nsanje ndi Chikwawa.

Pa sukulu tinali kuphunzira m'mawa monse. Aphunzitsi athu, mayi achikulire, anakana kulankhula nafe Chingerezi, natiuza kuti madzulo tizipita ku msika kukagula zinthu ndi mau amene taphunzira tsikulo. Masabata oyamba anali owawa ndithu. Munthu wamkulu wandevu, wokhala ndi ana kwawo, anali kuchita chibwibwi ngati mwana wa Sitandade 1. M'Chipwitikizi dzina la chinthu chilichonse likhala lachimuna kapena lachikazi. Khasu, enxada, n'lachikazi, pamene chimanga, milho, n'chachimuna. Ndinaseka pokumbukira agogo anga amene anagwira khasu moyo wao wonse osadziwa zimenezi.

Chinandilimbitsa mtima ndi kupeza kuti mau ena tinali nao kale kwathu. Nsapato ndi sapato, kalata ndi carta, mbatata ndi batata, ndipo chipewa ndi chapéu. Makolo athu anawatola kalekale kwa amalonda a ku Zambezi. Banja limene ndinakhala nalo linali lolankhula Chisena, kotero kuti pamene Chipwitikizi chandithera, tinali kumvana pang'ono ngati anthu a ku Nsanje.

Mwezi wachitatu ndinapita ku sitolo ya mbewu kukakopera zolembedwa pa mabotolo, ndipo aphunzitsi anawerenga nane mzere ndi mzere. Mau anayi amene ndinatenga ndifuna inunso muwadziwe. Mukaona perigo, ndiko kuti ngozi. Veneno ndi poizoni. Validade ndi tsiku limene mankhwala atha mphamvu. Koma ofunika koposa ndi awa: intervalo de segurança. Pafupi nao pakhala nambala ndi liu lakuti dias, ndiwo masiku. Amenewo ndi masiku oyenera kupita kuchokera pamene mwapopera kufikira pamene muthyola. Ngati palembedwa 7 dias, ndipo inu mwathyola tomato mawa lake, mwagulitsa poizoni kwa anzanu, ndiponso ana anu adya ndiwo zomwezo. Botolo lokhala ndi mzere wofiira ndilo loopsa koposa onse.

Musayese kuti mankhwala ofanana mtundu ali ndi muyeso umodzi. Mukachepetsa, mbozi sizifa ndipo ndalama zapita pachabe. Mukachulukitsa, mutentha mbewu ndi kudzidwalitsa nokha. Mankhwala othiridwa m'botolo la zakumwa, opanda pepala lililonse, musagule ngakhale atsike mtengo chotani.

Akulu anati safunsa anadya phula. Ngati muli ndi botolo limene simutha kuliwerenga, lisungeni patali ndi ana ndi chakudya, ndipo bwerani nalo kwa mlangizi musanalitsegule. Inu makolo a m'malire, ngati mwana wanu apeza mwayi wophunzira Chipwitikizi, musamuletse, pakuti tsiku lina adzawerengera mudzi wonse.

Ndatha ine mlangizi wanu.