Mwini nthochi ndani?

M'mawa uno kuno ku Chidzolomondo ndinakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, kuonerera kachoso pa duwa la nthochi kuseri kwa nkhokwe. Kambalame kochepa ngati chala, kamlomo kopindika, kakhosi konyezimira dzuwa likakaomba. Koma ukali wakewo! Kanzake kakangotera kuti katsopeko timadzi, kamakapirikitsa mpaka kumtengo wa mango, n'kubwerera patsamba lomwelo kudzalondera.

Ku America kuli timbalame tina totsopa maluwa totchedwa hummingbird. Anthu amatipachikira mabotolo a madzi a shuga pakhomo, koma ndewu yake ndi yomweyi.

Nthochiyo ndinabzala ndine, koma lero yapeza mwini wina. Kapena nanenso ndizigogoda odi ndisanadule mkoko?