Mbuzi Ziŵiri ndi Bokosi Lachitsulo

Tchuthi chapitachi ndinafika kwathu ku Mbulumbuzi, m'boma la Chiradzulu, ndili ndi pepala m'thumba. Papepalapo ndinali nditalemba zinthu zisanu ndi chimodzi: purosesa, motherboard, RAM, disiki, power supply ndi bokosi loikamo zonsezi. M'munsi mwake, ndi zilembo zing'onozing'ono zonga mapazi a nyerere, ndinaonjezera chachisanu ndi chiŵiri: graphics card.

Amayi saŵerenga Chingerezi, komabe pepalalo analiyang'anitsitsa nthaŵi yaitali.

"Zonsezi n'za sukulu, mwanawe?"

"Eya, Amayi, n'za sukulu."

Pamenepo ndinanama pang'ono. Zisanu ndi chimodzizo zinalidi za sukulu, ndiponso za achemwali anga, amene tinagwirizana kuti ine ndikakhala ku koleji azilembera anthu makalata pamsika. Koma chomalizacho chinali cha maseŵera, cha ine ndekha.

Inu anzanga amene makolo anu amalandira malipiro pakutha pa mwezi, mwina simungamvetse kulemera kwa ndalama zimene ndinanyamula. Namondwe wa Freddy atadutsa m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, munda wathu wakumtsinje unasanduka mchenga, ndipo chuma chimene chinatsala pakhomo ndi mbuzi basi. Amayi anagulitsa ziŵiri, naphatikizapo za nandolo. Tsono kumbukiraninso kuti mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, pamene palibe ngakhale kawaya kamodzi ka kompyuta kopangidwa muno m'Malaŵi. M'minibasi ya ku Limbe dzanja langa silinachoke pathumba.

Wogulitsa woyamba, mnyamata wamsinkhu wanga, anandilandira ngati mbale wake wotayika. Ananditulutsira purosesa ya Intel i5-3470 pamodzi ndi motherboard yake, mtengo wake wosaboola m'thumba. Mtima unadumpha. Koma purosesa imeneyi ndi ya m'chaka cha 2012, imayendera RAM ya DDR3, ndipo Windows 11 imafuna ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena yoposa apo. Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ndikanakhala ndekha ndikanangoikamo Linux n'kuiŵala, koma achemwali anaphunzira kutaipa pa Windows, ndipo sindinafune kuŵasiyira chinthu choti azindiimbira foni usiku uliwonse. Ndinakana. Nkhope ya mbale wanga uja inasintha pomwepo.

Ndinasankha i5-8400 yogwirako kale ntchito, ya m'chaka cha 2017. Apa m'pamene ndikanagwa m'mbuna. M'sitolo ina anandipatsa motherboard yolembedwa LGA1151, nambala yomweyo imene ili pa purosesa yanga, nandiuza kuti n'zapachibale. Zoona, purosesayo imakhalamo bwinobwino ngati phazi m'nsapato, koma siyaka. Ya m'badwo wachisanu ndi chitatu imafuna chipset ya m'gulu la 300, monga H310 kapena B360, pamene imene anandipatsayo inali ya m'gulu lakale. Kaya wogulitsayo sankadziŵa, kaya ankadziŵa, ndi iye ndi Mulungu wake. Safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa mpaka anatopa nane.

RAM sinandivute: DDR4 ya 8GB, n'kusiya mpata woonjezera m'tsogolo. Disiki ndinatenga SSD ya 256GB m'malo mwa hard disk ya 1TB, poti hard disk ili ndi mbale yozungulira m'kati, ndipo siikondwa ndi mabampu kapena kuzima kwa magetsi kwadzidzidzi. Bokosi ndinatola lakale, lokandikakandika. Lonyezimira la magetsi amitundumitundu ndinalisiya. Chikomekome cha mkuyu.

Tsono panatsala power supply, chinthu chimene papepala langa ndinachipatsa ndalama zochepetsetsa. Bambo wina wachikulire wokonza mawailesi ndi makompyuta, m'kachipinda kodzaza mawaya, anandiika ziŵiri m'manja, dzanja lililonse yake. Zonse zinalembedwa 500W. Ina inali yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, inzake yolemera.

"Kwanu n'kuti, mwana wanga?"

"Ku Mbulumbuzi, Bambo."

"Magetsi akazima kumeneko, pobwera amagogoda?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anati makompyuta ambiri amene amafika pathebulo pawo safa ndi ukalamba, amafa ndi magetsi obwera mwaukali, ndipo power supply yachabe ikamafa siifa yokha, imatenga ndi motherboard yomwe. Ndinakumbukira chaka cha 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, m'mene tinkaŵerengera ndi tochi ya foni miyezi yambirimbiri. Amene amalemba malangizo pa intaneti ku London kapena ku California saganiza za zimenezi. Iwo amayambira pa purosesa, ife tiyenera kuyambira pakhoma.

Ndinatenga yolemerayo. Kenaka bambo aja analoza UPS, kabokosi ka batire kamene kamagwirizira kompyuta mphindi zingapo magetsi akathaŵa, kuti munthu asunge ntchito yake n'kuzimitsa bwino. Nditaŵerenga zotsala m'thumba ndinapeza kuti zikukwana chimodzi chokha: UPS kapena graphics card. I5-8400 ili ndi mbali yake yoonetsera zithunzi, yokwanira kulemba ndi kuonera kanema. Ndinalibe chonamizira.

Ndisakunamizeni kuti ndinasankha msanga. Ndinatuluka, ndinazungulira msika wa Limbe kaŵiri, ndinakaimanso pagalasi pamene panali khadi lija ndi timafani take tiŵiri. Chimene chinandibweza si nzeru ai, koma mbuzi yaikazi yamaŵanga ija, imene inkanditsatira ndikamapita kudimba.

Kompyutayo tinaimanga pamphasa, achemwali atandigwirira tochi. Inayaka ulendo wachiŵiri, nditakankhiranso RAM imene sinaloŵe bwino. Patapita masiku atatu, achemwali ali pakati pa kalata ya munthu wofunsira ntchito, magetsi anazima, ndipo UPS inayamba kulira.

"N'chiyani chikulira m'nyumbamo?" anafunsa Amayi ali panja.

"Ndi mbuzi yanu ija, Amayi," anayankha achemwali, uku akusunga kalatayo.

Pepala lija ndikadali nalo m'buku langa la masamu. Mzere wachisanu ndi chiŵiri sindinaufufute.