Tisaŵabise Ana Misozi ya Nkhondo

Amai anzanga, kodi munayamba mwadzifunsapo chifukwa chimene nkhondo imabwerera-bwerera, chikhalirecho aliyense adziŵa kuti nkhondo siimanga mudzi?

Ife a kuno ku Kande phunziro tili nalo pafupi. M'zaka za m'ma 1870 Atonga anathaŵa ulamuliro wa Angoni a Mbelwa, namanga malinga m'mbali mwa nyanja ino. Pa Chintheche, anthu a Mankhambira anagonjetsa Angoni aja. Kupambana kumeneko timakukamba monyadira, koma akazi amasiye amene anatsala ndani amaŵatchula? Patapita zaka pafupifupi 40, mu 1914, nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani inafika ku Karonga, ndipo amuna a m'dziko muno anatengedwa kukasenza katundu, ambiri osabwerako.

Ine ndiona kuti mbadwo uliwonse umalandira mbiri ya ngwazi, pamene misozi imapita kumanda pamodzi ndi eni ake. Mnyamata wongomva za ulemu wokha amalakalaka mkondo.

Tsono inu amai, pokamba zamakedzana madzulo, musabise njala, maliro ndi minda yosiyidwa. Mwana wanu akabwera atamenya mnzake, musamtame kuti ndiye mwamuna. Mmera mpoyamba.