CHIGOLI CHA GABA, MADZI A ANA NDI INJINI YA MADALA

Khalani pansi kaye, lero ndatalikitsa.

Sabata yatha mng'ono wanga anandiimbira foni usiku. Ambiri mukumudziwa, uja amavala 9 ku timu yathu ya kumudzi. Akuti, "Achimwene, pali mkulu wina wandiona ndikusewera, akuti ndine dolo, anditengera ku Joni kukayesa mwayi. Pakungofunika ya pasipoti, ya thiransipoti ndi kangachepe ka iwowo. Muwanyengerere madala agulitse injini. Ndikangosaina ndidzagula ziwiri."

Ndinamufunsa kuti timu yake iti. Akuti akamuuza akakafika. Nditayamba kukayika anandiponyera funso: "Nanga Gaba si wa kunyanja ngati ife?"

Zoona, kwawo kwa Gabadinho Mhango ndi ku Chiweta, m'mbali mwa nyanja yomweyi, ku Rumphi. Ndipo palibe angandiphunzitse kumukonda Gaba. Ndikuuzeni chifukwa chake.

Mu January 2022 ndinali ku Nchalo, ku Chikwawa, pa geni ya usipa. Ndinkapikula kwathu ku Msaka n'kumakagulitsa kumeneko, poti anthu a ku minda ya nzimbe akalandira sanyinyirika pogula ndiwo. Lolemba pa 24 kunagwa mvula yomwe sindinaionepo chibadwire. Anali namondwe uja ankamutcha Ana. Ine mwana wa msodzi, madzi sindiwaopa, mwera ndimaudziwa. Koma madzi a kuchigwa ndi ena. A kunyanja amayamba akuchenjeza, umaona mitambo, umamva mphepo, umakokera bwato kumtunda. A ku Chikwawa amangofika usiku, ofiira, atanyamula mbuzi, zitseko ndi chimanga cha anthu. Matumba anga onse a usipa ananyowa, mpamba wonse unathera pomwepo. Ndinatuluka ndi foni, jekete ndi moyo basi.

Lachiwiri linatipeza titaunjikana pa sukulu ina yomwe ili pokwererapo. Magetsi kunalibe, pakuti madzi anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, pa Shire pomwepo m'boma la Chikwawa, ndipo dziko lonse linali mu mdima. Msewu unali utaduka. Ana akulira njala, amayi akufunsa za abale awo omwe sanaoneke. Tsiku lomwelo, pa 25, Flames imakumana ndi Morocco ku Yaoundé, koyamba m'mbiri yathu kudutsa m'magulu a AFCON.

Ndinkaganiza kuti palibe angakumbuke za mpira. Koma itakwana 9 koloko, agogo ena achisena anatulutsa kawayilesi ka mabatire m'pepala la pulasitiki. Munthu nyumba yagwa, koma wayilesi anaipulumutsa. Tinawazungulira. Mphindi 7 zokha, wolengeza anakuwa mpaka mawu kusasa. Gaba anali ataona goloboyi wa Morocco, Bounou, atasuntha pagolo, n'kuumenya ali kutali, cha m'ma mayadi 40. Anzanga, anthu amene m'mawa wake ankalira anadumpha m'matope. Agogo aja anandigwira dzanja osandisiya, chonsecho sitinkadziwana ndi dzina lomwe. Pambuyo pake En-Nesyri anabweza, Hakimi n'kumenya firikiki, tinatuluka 2-1. Koma kwa kanthawi kaja tinaiwala kuti tagona ndi njala. Chigolicho ndinadzachiona ndi maso patapita masiku, foni itatchajidwa.

Ndiye mng'ono wanga akamati Gaba, ndimamumva. Vuto ndi loti iye akuona chigoli chokha. Tiyeni tione njira yonse.

Gaba sanachoke pamchenga n'kukatsikira ku Johannesburg. Anayamba waonetsa zimene amatha kuno kwathu, ku Big Bullets, pamaso pa dziko lonse. Mu 2013 m'pamene Bloemfontein Celtic inamutenga. Timu inali ndi dzina, ndipo ndi iyo inamufuna. Atachoka kumeneko anadzera ku Golden Arrows, kenako Bidvest Wits, komwe anatenga nawo ligi ya 2016/17. Ku Orlando Pirates anafika mu 2019, patatha zaka 6 ali ku Joni. Sizoni yoyamba yomweyo anamwetsa zigoli 16 mu ligi, n'kugawana mphoto ya womwetsa zambiri ndi Peter Shalulile wa ku Namibia.

Apa m'pamene ambiri amasiyira nkhani. Koma mukudziwa kuti nthawi imene ankagoletsa ziwiri zija ndi Zimbabwe, n'kudzamenya chija cha Morocco, ku Pirates ankangokhalira pa benchi? Munthu yemwe Africa yonse inkamukamba anabwerera ku timu yake n'kukapeza kuti malo ake kulibebe. Chaka chomwecho cha 2022 anapita ku AmaZulu, 2023 ku Moroka Swallows, 2024 ku Marumo Gallants. Ndipo tamvani izi: Wits inagulitsidwa mu 2020, Celtic mu 2021, Swallows nayo inagulitsa malo ake mu ligi mu 2024. Matimu atatu omwe anawavalira jezi, eni ake anagulitsa ngati mmene munthu amagulitsira boti.

Ife a kunyanja izi sitiyenera kuchita kufotokozeredwa. Wosewera mpira kunja ali ngati mlovi. Boti si lake, chilimira si chake, injini si yake. Usiku umene usipa wagwa, doko lonse limamutchula dzina. Mwezi ukawala, kapena mwini zida akasintha maganizo, amatsala pamtunda manja ali m'thumba. Ngakhale siginala wodziwa kuitana nsomba ndi nyali, tsiku lina amauzidwa kuti lero apita wina. Kusiyana kwake n'koti mlovi amatha kukoka mpaka imvi, pomwe wa mpira akangodutsa zaka 30 anthu amayamba kumutcha madala, ndipo bondo likangoti thyo, nkhani yathera pomwepo.

Palinso masamu ena amene mkulu uja sanamuuze mng'ono wanga. Ligi yaikulu ya ku Joni ili ndi matimu 16, ndipo timu iliyonse imaloledwa kulembetsa alendo asanu. Ndiye kuti malo 80, olimbirana ndi anyamata a ku Zimbabwe, Zambia, Namibia, Ghana, Nigeria, mpaka a ku South America. Mlendo amayenera kuposa mwana wa pakhomo, osati kufanana naye. Kuti usewere pamafunika kalata yokusamutsa yodzera ku FAM komanso chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo. Timu yokufunadi imakuitana ndi kalata ya dzina lake. Munthu amene akukana kutchula timu koma ndalama akuifuna lero, ameneyo nsomba yake ndi iweyo.

Ndipo tikudziwa mmene zimathera. Ndi angati a kwathu kuno omwe anapita ku Joni ndi nsapato za mpira m'chikwama, pano akutsuka magalimoto kapena kugwira m'magadeni, mapepala atatha, akuopa apolisi, manyazi akuwaletsa kubwerera? Sindikunyoza ntchito, ntchito ndi ntchito. Koma kugulitsa injini yodyetsa anthu 9 pakhomo kuti ukatsuke galimoto ya munthu, zimenezo ayi.

Injini ija madala anaigula atakoka chilimira cha eni ake zaka zambirimbiri. Ndi imene inalipira fizi yanga. Ndi imene inandipatsa mpamba wina nditabwerako ku Nchalo chimanjamanja. Tsiku limene ndinafika, madala sanafunse za matumba a usipa. Anangoti, "Wabwera wamoyo? Basi. Mawa tikalowa m'madzi." Ku Chikwawa kuja ndinaona anthu amene analibe koyambiranso, munda wakwiririka ndi mchenga, mbuzi zapita, nyumba yapita. Ine ndinali nako kobwerera chifukwa cha injini imeneyo. Mng'ono wanga akapita ku Joni zikakakanika, adzabwerera kuti?

Musandimve molakwa. Sindikuti mwana wa msodzi asalote. Mwana wa ku Chiweta anadumphitsa anthu a ku Nchalo ali pakati pa chigumula, ndinaona ndi maso angawa. Lusolo kunyanja kuno liliko, ndipo amene amathamanga pamchenga akafika pa kapinga sagwirika. Koma njira yake ndi yomwe anadzera iyeyo. Uyambe wavuta m'boma lako. Ulowe timu ya m'ligi yaing'ono, ukwere, ufike mu Super League, anthu akuone pa Kamuzu Stadium kapena pa Bingu. Ukakhala dolo weniweni, a kunja adzabwera okha, ndipo ndalama adzatulutse ndi iwo, osati bambo ako. Ukafikako, uzikumbukira kuti boti si lako. Ndalama yoyamba umange nyumba, ugule zida zako, nthawi ya benchi isanakwane.

Mng'ono wanga ndamuuza mosabisa kuti za injini aiwale, sindikawauza madala. Koma ndamulonjeza kuti timu iliyonse yodziwika ya kuno kwathu ikaitana anyamata kukayesa, kaya ku Blantyre kaya ku Lilongwe, thiransipoti, chakudya ndi nsapato zatsopano ndi za ine, ngakhale kupite katatu. Ndamuuzanso kuti mkulu ujayo atipatse dzina la timu ndi kalata yake, tikafunse ku FAM.

Mpaka pano sanandiyankhe. Uthenga anauwerenga, ndaona. Amayi akuti masiku ano sakudya bwino ndipo akumadzuka m'mamawa kukathamanga pamchenga. Mwina wandikwiyira, chabwino. Bola andikwiyire ali pakhomo.

Amene muli naye pafupi, mulankhuleni. Ndipo ngati kwanunso kukuzungulira mkulu wolonjeza za ku Joni, mutumizireni mng'ono wanu izi asanapite kukalankhula ndi madala.