Harry Potter m'manja mwa mwana wa ku Soche

Funso la sabata ino lachokera kwa makolo a m'malimana athu kuno ku Soche: kodi nkoyenera kuti wachinyamata wachikatolika awerenge mabuku a Harry Potter? Mabukuwa alipo 7, adawalemba J.K. Rowling wa ku Britain. Loyamba lidatuluka mu 1997, lomaliza mu 2007. Amapezeka kwa ogulitsa mabuku akale ku Limbe, ndipo mafilimu ake ana ambiri adaonera kale. Ine ndidawawerenga onse, tsono ndiyankha monga wowerenga chabe.

Amene akuda nkhawa ali ndi chifukwa. Nkhaniyi ndi ya mwana wamasiye amene akupita ku Hogwarts, sukulu yophunzitsa matsenga. Kwa mwana wa ku London, mfiti youluka pa tsache ndi nthano yogonera. Kwathu kuno liwu loti mfiti limapha. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu okalamba anayi adaphedwa powaganizira kuti adatumiza mphezi imene idapha mtsikana. Chikhalirecho lamulo la 1911 lidaletsa kale kunenera munthu ufiti. Kholo limene lamva zotere, likaona mwana wake akuwerenga za sukulu ya matsenga, silingakhale chete.

Eklezia amati chiyani? Katekisimu, pa ndime 2116 ndi 2117, amaletsa kuombeza, kuitana mizimu ndi matsenga onse, ngakhale munthu atati akufuna kuchiritsa nawo. Koma ndimezo zikunena za kuchita matsenga. Pa za mabukuwa, akuluakulu a Eklezia sadayankhule chimodzi. Mu 2003 Kadinala Joseph Ratzinger, amene adadzakhala Papa Benedikito XVI, adalembera kalata mayi wina wolemba mabuku wa ku Germany, Gabriele Kuby, kuvomereza nkhawa yake yoti nkhanizi zingathe kusokoneza chikhulupiriro cha mwana mwakachetechete. Mu 2009 nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, idayamikira filimu yachisanu ndi chimodzi chifukwa chosiyanitsa bwino chabwino ndi choipa. Lamulo loletsa mabukuwa Eklezia sadaikepo.

Chimene chidandigwira mtima ine ndi Voldemort, mdani wa Harry. Munthuyu akuopa imfa kwambiri moti akupha anzake kuti agawe mzimu wake nkuubisa m'zinthu, poganiza kuti akatero sadzafa. M'buku lachinayi akubwezeretsa thupi lake kumanda usiku, pogwiritsa ntchito fupa la bambo ake, dzanja la wantchito wake ndi magazi a mdani wake. Mmalawi aliyense akudziwa dzina la zimenezi: kukhwima ndi zizimba. Ndi mtima womwewo umene udachititsa anthu kusaka abale athu achialubino pofuna chuma, makamaka kuyambira mu 2014. Bukuli silikometsera zimenezi mpang'ono pomwe. Likuonetsa wokhwimayo akusanduka chilombo chopanda nkhope ya umunthu, chopanda bwenzi ngakhale mmodzi. Ndipo chimene chidateteza Harry ali khanda ndi mayi ake, amene adalola kufa m'malo mwake. Kumapeto, Harry nayenso akupita yekha kukapereka moyo wake chifukwa cha anzake. Amene adayendapo Njira ya Mtanda Lachisanu Loyera sangalephere kuzindikira kumene ganizoli lidachokera.

Pali zina zosandikondweretsa. Harry ndi anzake amanama ndi kuswa malamulo a sukulu kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri amapulumuka nazo. M'dziko la Hogwarts simumveka pemphero. Pa mfundo iyi ndimakonda kwambiri mabuku a Narnia a C.S. Lewis, kapena The Lord of the Rings ya J.R.R. Tolkien, yemwe adali Mkatolika wolimba.

Maganizo anga ndi awa. Harry akuyamba ali ndi zaka 11 ndipo akumaliza ali ndi 17, ndipo mabukuwo akunka nalemera pamodzi ndi msinkhu wake. Atatu oyamba mwana wa Fomu 1 angawerenge bwinobwino. Kuyambira lachinayi, ndingadikire mpaka atafika zaka 14 kapena 15. Mwana amene amadzidzimuka usiku, kapena amene pakhomo pawo padagwapo mlandu wonenerana ufiti, ndingamupatse Narnia kaye.

Makolo, musanalande buku, muuzeni mwanayo akufotokozereni nkhaniyo, mumufunse amene akumukonda m'menemo ndi chifukwa chake. Inu achinyamata anzanga, musawerenge mobisa ngati mwaba. Kubisako ndiko kumautsa mphekesera m'dera ngati lathu lino. Amene muli nalo buku lachinayi mubwere nalo Lamulungu ikatha Misa yachiwiri, tidzakambirane mutu wa kumanda uja pamodzi ndi Bambo Mfumu.