Madzi Saiwala Khwawa: Ulendo Wathu wa ku Zanzibar

Ife obadwira m'mbali mwa nyanja tili ndi kamatama kathu. Timati palibe munthu angatiuze kanthu pa nkhani ya madzi, poti tidayamba kupalasa bwato tisanadziwe n'kulemba dzina lomwe. Ndi mtima umenewu tidanyamuka kwathu ku Nkhotakota, banja lonse pamodzi ndi agogo awo a ana, ulendo wa ku chilumba cha Zanzibar m'dziko la Tanzania. Tidadzera ku Karonga n'kuwoloka malire pa Songwe, kenaka tidakwera basi ku Mbeya mpaka ku Dar es Salaam. Kuchokera pamenepo, sitima yapamadzi yothamanga idatifikitsa pachilumbacho patangotha maola awiri.

Matama athu adakathera pa gombe la Paje, kuvuma kwa chilumbachi. Tidafikapo m'mawa madzi ali thoo, mchenga uli mbee ngati ufa woyera. Koma pomwe timamaliza nkhomaliro, nyanja idali itathawa! Mabwato adangokhala pamchenga, madzi akuoneka kutali zedi. Mnyamata wina wa pamudzipo adatiseka nati: "Alendo inu, musadandaule, abweranso madzulo ano." Nyanja yathu imadzadza ndi mvula n'kudzaphwera m'chilimwe, koma nyanja yamchere imachita zimenezi kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi imene imakoka madzi. Amatha maola pafupifupi 6 akupita, ndi enanso 6 akubwerera.

Madzi akaphwera chonchi, amayi amalowa ndi zingwe ndi zikhomo kukalima ndere zam'nyanja zimene iwo amati mwani, zomwe amaziyanika n'kugulitsa. Ulimi umenewu udayamba m'chaka cha 1989. Amayiwo ndiwo adatichenjeza kuti munthu asamapite kutali osafunsa nthawi yomwe madzi abwerere, ndiponso asamayende wopanda nsapato poti pansi pali tizilombo taminga. Tidamvera, paja safunsa adadya phula.

Mwana wathu wachisamba, katswiri wosambira kwathu kuno, adaumirira kuti ayese masewera otsetsereka pamafunde munthu ataima pathabwa. Ku Paje mafunde aakulu safika kugombe, amaswekera patali pa mpanda wa miyala ya pansi pa madzi, choncho adamtengera kumeneko pa boti. Adabwerako maso ali psuu, atamwa madzi amchere osati pang'ono, koma akunyada kuti adaimirira kawiri. Ena amakwera thabwa lomwelo atadzimangirira ku chinsalu chachikulu chouluka ngati kaiti, mphepo n'kumawakoka. Tidamva kuti masewerawa amakoma pa nyengo ziwiri: ya mphepo yochokera kumwera yotchedwa kusi, pakati pa June ndi September, ndi ya kaskazi yochokera kumpoto, kuyambira December mpaka February. Agogo atamva adati: "Ameneyo ndi mwera ndi mpoto, angosintha maina basi." Mphepo zomwezi ndizo zinkayendetsa zombo zamatanga kalelo. Kaskazi ankabweretsa amalonda ochokera ku Arabia ndi ku India, kusi n'kuwabweza kwawo.

Titachoka kugombe tidapita mu mzinda wakale wa Stone Town, umene bungwe la UNESCO lidauika m'gulu la malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse m'chaka cha 2000. Misewu yake njopanikizika moti galimoto silingadutsemo, ndipo zitseko za nyumba nzosemedwa mwaluso. Dzuwa likalowa, anthu amakhamukira ku Forodhani, m'mphepete mwa nyanja, kumene ophika amayala matebulo nayatsa nyali. Tidadya nyama yowotcha pa timitengo, msuzi wachikasu wowawasa wotchedwa urojo womwe amaikamo mbatata ndi bajiya, ndiponso tidamwa madzi a nzimbe osakaniza ndi jinja ndi mandimu. Agogo adakanitsitsa kulawa pweza, chamoyo cham'nyanja cha miyendo 8. "Ine nsomba yopanda mamba ndi mchira ayi, ana inu. Chambo chilibe mnzake."

Komabe sitidadzimve kukhala alendo kwenikweni. Mawu monga mpunga, nyumba, nyama ndi mbuzi tinkawamva pamsika osafuna wotanthauzira. Mikanjo ya abambo, fungo la mpunga wothira zokometsera, kuitana kwa swala m'bandakucha, zonse zidali ngati kwathu. Tidakondwa, tikumati tapeza abale.

Tsiku lotsiriza tidapita pamalo otchedwa Mkunazini, pomwe padali msika wa akapolo. Msikawu udatsekedwa m'chaka cha 1873 pa ulamuliro wa Sultan Barghash atakakamizidwa ndi Angerezi, ndipo pamalopo adamangapo tchalitchi cha Anglican. Panja pake pali dzenje, ndipo m'dzenjemo muli ziboliboli 5 za anthu omangidwa unyolo m'khosi, zimene adasema mayi wa ku Sweden, Clara Sörnäs, m'chaka cha 1998. Wotiperekeza adatifunsa kwathu, ndipo titatchula Nkhotakota adakhala kaye duu. Kenaka adati ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepa ankachokera ku nyanja yathu.

Nkhaniyi timaidziwa, kungoti sitikonda kuikamba. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Anthu ogwidwa ankawawolotsa nyanja pa zombo, kenaka ankayenda pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa, atasenza minyanga ya njovu. Ambiri ankafera m'njira. Njira imene idatibweretsera chipembedzo, ulimi wa mpunga ndi luso lokhoma zombo, ndi yomweyonso idatenga ana a eni osabwerera nawo.

Mwana wathu wamng'ono adagwira nsalu ya agogo ake nafunsa: "Agogo, nanga ife tidali mbali iti, ogulitsa kapena ogulitsidwa?" Ife makolo tidangoyang'anana, aliyense akuyembekeza kuti mnzake ayankhe. Agogo adapukuta m'maso ndi mpango nati: "Mdzukulu wanga, m'mudzi mwathu mudali onse. Ndipo lero zidzukulu zawo zidakwatirana, zimadyera mbale imodzi."

Pobwerera m'sitima muja ana sadalankhule zambiri, ndipo ifenso tidadzifunsa chifukwa chake tidadikira kuti mwana akamve mbiri ya kwawo kuchilendo. Abale ndi alongo, amene Mulungu adzakupatseni mwayi wofika ku Zanzibar, kasambireni, kadyeni urojo, anyamata akayese thabwa lawolo. Koma musadzabwerere musanawafikitse ana pa dzenje la ku Mkunazini, ndipo akadzakufunsani funso lija, musadzayang'anane monga tidachitira ife.